Mipando ya Pamaliro a Amalume

Amalume a mwamuna wanga anamwalira m'nyengo ya mvula, kuchipatala china kuno ku Nairobi, ndipo tisanachoke n'komwe pachipatalapo nkhondo inali itayamba kale pafoni. Mwamuna wanga ndi mzungu wa ku Ireland, wa kumudzi kwenikweni, kumadzulo kwa dzikolo kumene nkhosa zimachuluka kuposa anthu. Ine ndine wa ku Dowa. Tinakumana kuntchito, kubungwe lina loona za madzi, tinakwatirana, n'kupeza nyumba ya lendi ku Kasarani. Amalumewo anali mlongo wawo wa apongozi anga aakazi. Anabwera ku Kenya ali mnyamata kudzakumba mijigo, osakwatira, osabwereranso kwawo kupatula kukakhuza maliro, ndipo miyendo itayamba kuwakana tinawatenga kudzakhala nafe.

Anali nkhalamba yamakani, yosamva za madokotala, koma ine ndi iwo tinkagwirizana. Masana ena ndikuwawenga zikhadabo anandiuza kumene ankafuna kukagona. Anati kupitirira Thika kuli parishi ina kumene anakumba mjigo wawo woyamba, ndipo abambo mfumu a kumeneko anawalonjeza kale malo kumanda. Anandichonderera kuti ndisadzalole aliyense kuwakweza ndege ngati katundu. Nditafunsa chifukwa chimene ankauzira ine m'malo mwa mwamuna wanga, anayankha kuti mnyamatayo amaopa amayi ake. Sananame. Ndinawalonjeza, ndipo kwathu lonjezo kwa munthu amene ali pafupi kupita si lochita nalo chibwana.

Apongozi anga ndinali ndisanawaonepo maso ndi maso. Paukwati wathu sanabwere, ati mawondo. Pafoni ankangondifunsa za nyengo, basi. Koma tsiku limenelo anayankhula, ndipo mwamuna wanga anatsegula foni kuti ndizimva nawo. Anati kwawo munthu akamwalira sagona mufiriji ngati nsomba. Amabwera naye kunyumba, amamugoneka pabalaza bokosi lili chotsegula, ndipo mudzi wonse ndi midzi yoyandikana imabwera kudzamuona, kudzagwira chanza anamfedwa, kumwa tiyi ndi kuchezera naye mpaka tsiku loika. Nyumba ikapanda kudzaza ndiye kuti munthuyo anakhala pachabe. Tsono ku Nairobi, anafunsa motero, ndani angabwere kudzachezera mlongo wawo? Ngati akanyamulidwe ndi anthu anayi a ganyu, kuli bwino adzamutenge okha, akagone pafupi ndi makolo ake kumene parishi yonse idzatuluka.

Mwamuna wanga anangoti tiona. Tiona chiyani? Ndinamulanda foniyo. Ndinawauza apongozi mwaulemu kuti abwere adzaone okha. Mtembo tibwera nawo kunyumba monga mwa mwambo wawo. Akapeza nyumba ili mbee, awatenge amalume, ine sindidzatsegula pakamwa. Anavomera mwachidule, n'kudula. Nditaika foni pansi m'pamene mantha anandigwira, chifukwa anzawo a amalume ambiri anali atamwalira kapena kubwerera kwawo kalekale, ndipo m'chaka chonse chimene anakhala nafe alendo awo ndikanawawerenga ndi dzanja limodzi.

Eni nyumba, mayi wina wachikenya, poyamba anakana kwamtuwagalu. Kwa iwo mtembo umachoka kumotchale n'kulunjika kumanda, wosadzera m'nyumba ya lendi. Ndinakhala pakhonde pawo mpaka anatopa nane, ndipo analola tsiku limodzi ndi usiku wake. Kenako malangizo a apongozi anayamba kugwa ngati matalala. Wotchi ya pakhoma iimitsidwe. Magalasi odziyang'anira aphimbidwe ndi nsalu. Mtembo ukalowa, zenera litsegulidwe kwakanthawi kuti mzimu upeze potulukira, ndipo pasapezeke woima patsogolo pake. Makandulo kumutu. Ketulo isazizire. Ndipo koposa zonse, mipando. Mawu amenewo anawabwereza mpaka ndinawalota. Kwawo anansi amabwera ndi mipando ya m'nyumba zawo, n'kuindandalika m'mbali mwa makoma onse kuti aliyense wolowa akhale moyang'anana ndi malemu.

Tsiku lathunthu tinalithera pa mipando. Tinabwereka kwa anansi, kutchalitchi, ngakhale kukahotela ka pakona kumene timagula chapati, ndipo ina inabwera pangolo yokoka ndi manja, mwamuna wanga akuthamanga pambuyo m'matope. Pofika madzulo pabalaza pathu pankaoneka ngati podikirira odwala kuchipatala. Msana unkandiwawa, koma ndinagona ndikudziwa kuti pa nkhani ya mipando apongozi sakandipezera chifukwa. Ndisanagone ndinalemba uthenga pagulu la pafoni la Amalawi a kuno, kuti kwathu kwagwa zovuta. Sindinayembekezere zambiri. Malemu sanali Mmalawi, linali tsiku la ntchito, ndiponso mvula inali isakukata.

M'mawa mwake a kunyumba yosungira maliro anabweretsa bokosi. Tinatsegula zenera, tinaimitsa wotchi, tinayatsa makandulo. Woyamba kufika anali mayi wina wachikulire wa ku Ntcheu, mtsogoleri wa amayi a Mvano pakati pa Amalawi a kuno, munthu woti akalowa pamalo zinthu zimayamba kuyenda mmene iye akufunira. Ndinawasiyira nyumba, ife n'kunyamuka kukachingamira apongozi kubwalo la ndege.

Anali kamayi kakang'ono, ka tsitsi loyera, kachikwama kakuda kali pachifuwa. Anakumbatira mwana wawo, ine n'kundigwira chanza. Funso lawo loyamba linali la zenera. Titawatsimikizira, anakhala m'galimoto, maso ali pa maminibasi a kuno otchedwa matatu ndi njinga zamoto za boda boda zimene zinkatidula kutsogolo. Pamsewu wa Thika magalimoto anali atathithikana, ndipo tinakwawa ngati nkhono. Ndinkangowerengera m'mutu anthu amene mwina angabwere, ndipo nthawi zonse chiwerengero chinkathera pa Mayi a ku Ntcheu aja ndi mlonda wa pageti.

Titakhota kulowa kamsewu kathu ndinaona masamba atayalidwa pamsewu, monga timachitira kwathu pakagwa maliro. A boda boda ankawazemba modabwa. Mtima unayamba kutsika pang'ono, poti zinasonyeza kuti kwabwera anthu. Koma geti litatseguka, abale inu, ndinangoti kakasi. Katundu yense wa pabalaza anali panja. Sofa, tebulo, kabati ya mbale, ndi mipando yonse imene tinaivutikira dzulo lake, ina itasanjikizidwa mpaka m'mwamba, ina itakhalidwa ndi azibambo pansi pa lona limene ana a sukulu achimalawi ophunzira kuno anamangirira kumpanda. Ndinadziwa pompo chimene chinachitika. Amalawi anafika, anapeza nyumba ya siwa yodzaza ndi mipando, anamvera chisoni mnzawo wokwatiwa ndi mzungu amene waiwala mwambo, n'kundikonzera. Walira mvula walira matope.

Apongozi anagwira mkono wa mwana wawo, nkhope itayera kuposa mmene inalili.

"Akutulutsani m'nyumba chifukwa cha mtembo?" anafunsa motero.

Pambuyo pake mwamuna wanga anandifotokozera kuti kwawo katundu akakhala pabwalo ndiye kuti mwini malo wathamangitsa banja, ndipo nkhani zotero anthu a m'midzi ya kumeneko anakula akuzimva kwa azigogo awo. Panthawiyo analibe mpata wofotokoza chilichonse. Ine ndinali nditapsa mtima mpaka m'makutu, ndikufunafuna mawu oti ndikawalase nawo Mayi a ku Ntcheu. Ndisanawapeze, wina m'nyumba anaona kuti anamfedwa tafika, ndipo kulira kunabuka.

Amene anakhalapo pamaliro a kwathu akudziwa kulira kumene ndikunena. Kumayamba ndi mmodzi, ena n'kulandira, mpaka nyumba yonse imanjenjemera. Amayi awiri anatuluka n'kudzandigwira m'mikono monga namfedwa. Mkwiyo uja sindikudziwa kumene unalowera. Kuyambira kuchipatala ndinali ndisanagwetse msozi, ndinkangothamanga ndi mipando, ndiye apa ndinalira ndithu, kulirira nkhalamba yanga yamakani. Pabalaza panalibe poponda. Amayi anali atakhala pansi pa mikeka ndi zitenje kuyambira pakhomo mpaka kukhitchini, mipango kumutu, ena ovala yunifolomu ya Mvano, ena atsikana achisilamu a kuyunivesite atafunda mpaka m'mapewa. Ambiri mwa iwo amalume sanawaonepo ali moyo.

Apongozi anaima pakhomo nthawi yaitali, chikwama chili pachifuwa. Sindinathe kuwerenga nkhope yawo. Kenako anayamba kuyenda, amayi akupinda miyendo msangamsanga kuti asadumphidwe. Atafika pabokosi anagwira manja a mlongo wawo, anakonza kolona imene tinawagwiritsa, n'kutulutsa chipeso m'chikwama. Ati a kumotchale anawapesa tsitsi mbali yolakwika. Atamaliza anayang'ana wotchi, anayang'ana galasi lophimbidwa, ndipo anapempha mpando. Mpando umodzi unalowanso m'nyumba. Anakhala pambali pa bokosi, okhaokha pamwamba, ife tonse tili pansi ngati ana a sukulu ya mkaka.

Kulira kutatsika anandikodola. Anafuna kudziwa chimene mlongo wawo anawalakwira azibambo ali panjawo kuti akane kulowa. Ndinafotokoza kuti kwathu amuna amakhala panja, akazi m'nyumba. Anapukusa mutu. Kwawo, anatero, munthu amene wafika pamaliro koma osalowa kudzaona nkhope ya malemu ndi kugwira dzanja la mwini maliro, ameneyo sanabwere. Ndinatuluka kukawauza azibambo. Anayang'anana, wina anakhosomola, koma pamapeto pake anavula nsapato n'kupanga mzere. Analowa mmodzimmodzi, akuwerama, dzanja lamanzere litagwira chigongono, aliyense ndi pepani wake.

Apa m'pamene ndinatsala pang'ono kukomoka. Apongozi sankangogwira chanza. Ankafunsa aliyense kuti malemu anadziwana nawo bwanji. Ndipo Amalawi anzanga, m'malo moti andithandize ndi kabodza kakang'ono, ankanena zoona. Woyamba anati sanawadziwe. Wachiwiri anati anangowaona kamodzi pageti. Wachitatu anati amadziwa ine. Ndinkafuna nthaka ingondimeza. Ndinaganiza kuti basi, zatha, mayiyu wapeza umboni woti ndasonkhanitsa alendo kuti ndimuphimbe m'maso. Bambo wina wa imvi, amene wakhala ku Nairobi kuno zaka zambiri, atafunsidwa chimene wabwerera ngati sanawadziwe, anadabwa ndi funsolo. Anayankha kuti wamva kuti kwa mlongo wake kwagwa maliro, ndiye akanakhala bwanji kuofesi? Apongozi anangogwedeza mutu, n'kutambasulira dzanja wotsatira.

Masana chakudya chinaperekedwa panja, mpunga ndi nyemba, ndipo anthu anatuluka kukasamba m'manja. Mwamuna wanga anawanyengerera amayi ake kuti akasambe ndi kusintha zovala za paulendo. Sanakhalitse. Ndinawaona akutsika masitepe mothamanga, mawondo aja ataiwalika, chifukwa anamva kuti pabalaza pachita zii. Kwawo mtembo susiyidwa wokha ngakhale kamphindi, kuyambira polowa m'nyumba mpaka potuluka. Anapeza Mayi a ku Ntcheu ndi amayi ena awiri ali pomwepo pafupi ndi bokosi, akuimba chapansipansi, mbale zawo zitavindikiridwa pambali. Anandifunsa ngati ndinawauza ine kuti atero. Ndinati ayi, kwathunso maliro sitiwasiya okha. Anawayang'ana amayiwo kanthawi, n'kubwerera pampando wawo.

Nthawi yonseyi foni ya mwamuna wanga inali ikulira. Mkulu wa kunyumba yosungira maliro ankafuna yankho dzuwa lisanalowe, kuti adziwe ngati akonze za ndege kapena galimoto ya ku Thika. Mwamuna wanga ankangomuuza kuti adikire pang'ono. Ndinamutuma kawiri kuti akafunse amayi ake, ndipo kawiri konse anakafika pafupi n'kuwafunsa ngati akufuna tiyi wina. Mwamuna wamkulu, wa ndevu zake!

Chakumadzulo pageti panaima matatu yodzaza ndi matope. Munatsika nkhalamba zachikenya, zovala majekete akale, zina ndi ndodo. Anali anthu amene ankakumba mijigo ndi amalume, ndipo uthenga anaumva kwa abambo mfumu a kuparishi kuja. Iwo sanadikire kuitanidwa. Analowa, anaima mozungulira bokosi, ndipo mmodzi anayamba kumuyankhula malemu m'Chiswahili ngati akumudzudzula chifukwa chonyamuka osatsanzika. Apongozi anamufunsa funso lawo lija. Nkhalambayo inakhala pansi n'kuyamba kusimba, mwamuna wanga akumasulira pamene Chingerezi chathera. Inati tsiku lina amalume akusuzumira m'chitsime chatsopano anayetsemula, mano awo oikirira n'kugwera momwemo. Anthu a m'mudzimo atasonkhana, amalume anawauza ndi nkhama zokhazokha kuti madziwo ndi abwino, koma akadzawaluma asadzadabwe.

Apongozi anaseka. Osati kumwetulira, kuseka kwenikweni, mutu chagada, misozi ikutsika, mpaka anamenya bokosi ndi chikhatho n'kumutcha mlongo wawo chitsiru. Pabalaza ponse panachita bata la mantha. Mayi a ku Ntcheu ananditsina pantchafu.

"Kodi apongozi anuwa, mutu uli bwinobwino?" anandinong'oneza.

Ndinawauza zimene mwamuna wanga anandiphunzitsa, kuti kwawo maliro a munthu wokalamba opanda kuseka ndi chipongwe, chifukwa zimatanthauza kuti sanasiye nkhani iliyonse yoti anthu asimbe. Mayi a ku Ntcheu anati kaya, dziko ndi lalikulu. Koma nkhani yachiwiri itabwera, ya mbuzi imene inadya chipewa cha amalume iwo akugona pansi pa mtengo, ndinawaona mayiwo atabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Apongozi nawo anasimba za ubwana wawo, mmene mlongo wawoyo anathawira kusukulu atakwera bulu wa ansembe. Kenako anapisa dzanja m'chikwama chija n'kutulutsa botolo la kachasu wa kwawo, n'kuthirira nkhalambazo pang'onopang'ono m'makapu a tiyi. Amayi a Mvano anayang'ana kudenga n'kuyambitsa nyimbo.

Zonsezi zinali zabwino, koma yankho linali lisanaperekedwe, ndipo dzuwa linali likupendeka. Kuseka si kuvomera. Munthu angathe kuseka nawe masana, madzulo n'kunyamula m'bale wake. Nditaona apongozi akulowa kukhitchini ndinawatsatira, nditatsimikiza mtima kuti ndifunsa ndekha, ndipo akakana ndiwauza za lonjezo langa ngakhale ndinanena kuti sindidzatsegula pakamwa. Ndinawapeza akudula buledi. Masangweji amene ndinakonza m'mawa anali atawaika pambali, ati ndinadula mokhuthala ngati njerwa. Anandipatsa mpeni wina n'kundionetsa kupyapyala kumene ankafuna.

Ndinadula buledi monga anandionetsera. Ndikuti nditsegule pakamwa, iwo anayamba. Anati kulira kumene anakumva polowa anakumvapo kamodzi kokha, ali kamtsikana, pamaliro a agogo awo. Kalelo kumudzi kwawo kunali amayi okalamba amene ankalira maliro mokweza chomwecho, akutchula dzina la malemu, koma ansembe ankadana nazo ndipo mwambowo unatha. Sankaganiza kuti adzakumvanso asanafe. Anapaka batala pa buledi wina, osandiyang'ana.

"Nanga manda akumba ndani?" anafunsa.

Sindinamve msanga. Ndinaganiza kuti akunena za kwawo. Anaika mpeni pansi n'kundifotokozera ngati akuyankhula ndi mwana wogontha. Kwawo achibale sakumba manda a m'bale wawo, ndiponso sakumbitsa ndi makina kapena aganyu. Amakumba ndi anansi, ndi manja awo, osalipidwa, ndipo banja limangowatumizira chakudya ndi botolo kumandako.

"Ngati agone kuno, ndikufuna akumbiridwe ndi anthu amene ali m'nyumba muno," anatero. "Kafunseni ngati alipo odziwa kugwira fosholo."

Mpweya umene ndinaumanga kuyambira tsiku la foni lija unatuluka wonse nthawi imodzi. Ndinafuna kuwakumbatira, koma anali atatenganso mpeni wawo, ndiye ndinangoti chabwino amayi, n'kutuluka.

Panja mvula inali itakata. Mwamuna wanga anali pafupi ndi geti, foni ili kukhutu, akumuuzabe mkulu uja kuti adikire. Ndinamuuza kuti anene kuti ndi ku Thika. Anandiyang'ana ngati sakundikhulupirira, ndipo ndinachita kubwereza. Kenako ndinapita pansi pa lona paja, ndinagwada monga mwa ulemu, n'kuwauza azibambo kuti mwini maliro akupempha adzukulu. Nkhalamba za ku Thika zinati dothi la kumeneko zimalidziwa, zidzalondolera pokumba. Amalawi anzanga, anthu a m'maofesi a manja osalala, anayamba kukangana za amene anakulira kumudzi kwenikweni ndi amene khasu amangoliona pa TV. Bambo wa imvi uja anavula jekete n'kuonetsa anzake zikhatho, ati zipsera za khasu zikadalipo. Ana a sukulu anali atayamba kale kufunsana za matatu yonyamuka m'bandakucha.

Ndinawasiya akukangana choncho. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba kumene timayanika zovala, ndinakhala pa chidebe chovundikira, n'kulira ndekha pang'ono, kulira kopepuka kosafuna wondigwira. Ndinawauza amalume chamumtima kuti ndege ija sakwera. Kenako njala inandigwira, njala yeniyeni, ndipo ndinakumbukira kuti chiyambire dzulo ndinali ndisanaike kanthu m'kamwa. Ndinabwerera kukhitchini n'kudya masangweji anga okhuthala aja, apongozi ali pambali panga akudula ena.